Bambo Anga Ankapempha Njira

Chaka chimene dokotala anauza bambo anga kuti diso lawo lamanja latha, ndipo lamanzere likulondola komweko, ndi chaka chomwechonso chimene kampani ina ya kutali inakhoma loko pageti la msewu wopita kuphiri la Kettle. Dokotalayo sanabise mawu. Anati ngati pali chinthu chimene a Halvor Lunde akufuna kuchiona bwinobwino, achione chakacho chisanathe. Titatuluka m'chipatala bambo anaima pakhonde n'kutembenukira kumadzulo kumene kuli phirilo. Ine ndinathamangira kukaliza galimoto kuti ndisawayang'ane kumaso.

Phiri la Kettle ndi la boma, ndiye kuti ndi lathu tonse. Aliyense amene ali ndi chiphaso cha ulenje akhoza kukasakako eliki, nyama zathu zikuluzikulu zamanyanga zija zimene imodzi yokha imadzaza firiji ya banja mpaka chaka chinzake. Pamapu zili choncho ndithu. Koma phirilo linazingidwa mbali zonse ndi mafamu a ng'ombe a anthu, ndipo munthu wopanda mapiko amafikako podzera msewu umodzi wokha wafumbi, umene umadutsa pakati pa famu ya a Sobotka, pafupi penipeni ndi khomo la khitchini.

Mayi Verna Sobotka anakhala okha pafamupo zaka zambiri amuna awo atamwalira, ndipo ine ndinakula ndikulidziwa khomo limenelo kuposa khomo la tchalitchi. Nyengo ya ulenje ikakwana, masamba atayamba kufiira, bambo ankaimitsa pikapu pamenepo, kutsika, kuvula chipewa, n'kugogoda. Mawu awo sankasintha.

"Mayi Verna, tingadutse nawo?"

"Halvor iwe, ukundilowetsera mphepo m'nyumba. Msewu sukuuona? Dutsa, koma utseke mageti."

Pobwerera ankawasiyira mnofu wa pamsana, uja wofewa kuposa nyama yonse, ataukulunga m'pepala loyera. Mayiwo ankaulandira uku akudandaula kuti alibe mano. Alenje ena a m'tauni yathu ya Tolliver ankachitanso chimodzimodzi, ena ankangoliza hutala n'kukweza dzanja, koma mwini mwambowo anali bambo anga.

Mayi Verna atamwalira, ana awo anagulitsa famuyo. Sindiwada, ng'ombe sizipatsa munthu tchuthi ndipo iwo anali atazolowera kale moyo wa m'mizinda. Kampani imene inagulayo inachotsa ng'ombe zambiri n'kumanga chinyumba chamatabwa chogonamo alendo obwera pandege kudzasaka. Eni ake palibe mwa ife anawaonapo nkhope. Phiri sanaligule, chifukwa phiri la boma siligulitsidwa. Anangogula khomo lake, ndipo zinakwana.

Ine ndine Darla, mwana yekhayo wa a Halvor, ndipo ntchito yanga ndi kudula ndi kulongedza nyama ya alenje m'kashedi kuseri kwa nyumba yathu. Lokoyo itakhomedwa ndinapsa mtima chifukwa cha mipeni yanga imene inali kudzangokhala m'dilowa, koma zimenezo zinali zazing'ono. Chimene chinkandidya ndi chakuti bambo anga anakwera phiri limenelo kuyambira ali mnyamata, anatsala ndi nyengo imodzi yokha yoti alione, ndipo munthu wina amene sadziwa n'komwe kumene kumatulukira kasupe wake anali atawatsekera kunja.

Tinasonkhana m'holo ya ozimitsa moto, alenje ndi mabanja awo, ndipo tinapeza loya, a Pruitt, bambo wadazi wolankhula ngati munthu amene sanagone bwino. Anaima kutsogolo manja ali m'matumba.

"Lamulo lake ndi lalifupi," anatero. "Anthu akayenda mumsewu zaka zambirimbiri, poyera, mwini malo akuona, iwo osapempha kwa wina aliyense, msewuwo umasanduka wa anthu onse ndipo palibe angautseke. Koma ngati ankayendamo mochita kupempha, ndiye kuti chinali chifundo cha mwini wake. Chifundo munthu amatha kuchibweza tsiku lililonse."

Amene anayamba kulankhula ndi a Merle, mnzawo wa bambo kuyambira ku pulayimale, munthu woti ngakhale pamaliro samusiya pafupi ndi m'busa.

"Ndiye mukuti lamulo limakonda anthu amwano? Mukananena kale, ine bwenzi pano ndili jaji."

Anthu anaseka pang'ono. A Pruitt sanaseke. Anati pakufunika mboni imene yayenda mumsewuwo nthawi yaitali kuposa aliyense, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa bambo anga, amene anali atakhala kumapeto kwa benchi chipewa chili pabondo.

"Bambo Lunde, inuyo munkapempha?"

Bambo anayamba kupinda mlomo wa chipewa. A Merle anawalanda mawu.

"Kupempha kwake kuti? Uja unali moni. Verna anabwezapo ndani? Ngakhale amalonda a mabaibulo ankadutsa. Mdala uyu ndi wokonda kugogoda basi, amagogoda ndi pachimbudzi chake chomwe."

"Ngati unali moni," anatero a Pruitt, "mukanene kuti unali moni. Musakawonjezere kanthu."

Masiku otsatira ndinawakhazika bambo patebulo la m'khitchini ngati mwana wa sukulu. Ine ndinkakhala loya wa kampani, iwo mboni. Ulendo woyamba sitinafike patali.

"Darla, ukundiphunzitsa kunama ndili ndi imvi?"

"Sindikukuphunzitsani kunama, adadi. Mayi Verna anakubwezanipo?"

"Ayi."

"Pogogodapo munkaganiza kuti mwina akubwezani?"

"Ayi."

"Ndiye kufunsa chinthu chimene ukudziwa kale kuti sangakumane, kumeneko ndi kupempha?"

Anazunguza kapu ya khofi patebulo.

"Amayi ako akanakhalapo bwenzi akuti ndi kupempha."

"Amayi kulibe, adadi, ndipo diso lanu silikudikira aliyense."

Mawu amenewo anawalasa, ndinaona, koma ndinawanena dala. Ndinkafuna achite mantha monga mmene ine ndinkachitira. Pomaliza anagwedeza mutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkawamva akuyeserera okha podyetsa galu, poyang'ana mafuta a pikapu, posamba m'manja. "Ndinkapereka moni. Ndinkapereka moni." Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ife tinapangana ndithu.

Mlanduwo unalowa m'khoti m'nyengo yotentha, kuboma kwathu. Tsiku loyamba a Merle ndi alenje ena anaima mmodzimmodzi n'kunena kuti ankangodutsa, osafunsa munthu. Tsiku lachiwiri bambo anavala suti yawo ya kumaliro. A Pruitt anawafunsa za zaka, za misasa, za chaka chimene chipale chofewa chinatsekera alenje pamwamba mpaka anthu a m'tauni anakawakumba, ndipo bambo anayankha bwino kwambiri moti ndinayamba kuona pikapu yathu ikukwera phiri.

Ndinkayembekezera kuti loya wa kampani akhala chimunthu chaukali. M'malo mwake anaimirira mayi wamng'ono thupi, wa mawu ofatsa, dzina lake Renner. Ataona bambo akufufuza tambula ya madzi ndi dzanja, anaikankhira m'manja mwawo mwakachetechete, osawachititsa manyazi. Ndinamuda pomwepo, ndipo chimene ndinamudera kwambiri ndi chakuti ulemu wakewo sunali wachiphamaso.

"Bambo Lunde, mayi Verna munkawadziwa bwino?"

"Ndinanyamula nawo bokosi lawo."

"Anali munthu wotani?"

Bambo anamwetulira. Anafotokoza mmene mayiwo ankabereketsera ng'ombe okha m'chipale chofika m'mawondo, mmene ankatukwanira boma ndi nyengo mofanana, mmene anasungira famu yonse popanda kupempha thandizo kwa mwamuna aliyense. Renner anawalola kulankhula mpaka anamasuka ngati ali pakhonde pawo.

"Mukamadutsa pakhomo pawo munkatani?"

"Ndinkapereka moni," anatero bambo, ndipo ine ndinapumira m'mwamba.

"Moni basi. Chabwino, ndiye zikugwirizana ndi zimene anzanu ananena dzulo. Akuti alenje a ku Tolliver ankangodutsa pakhomo pa mayi wamasiye uja ngati palibe munthu, fumbi likulowa m'khitchini, osafunsa n'komwe ngati iye akufuna kapena ayi. Tingolemba kuti inunso munali mmodzi wa iwo."

Ndinaona makutu a bambo akufiira. Makutu amenewo ndimawadziwa kuyambira ndili mwana.

"Musalembe zimenezo."

"Pepani, bambo, sindinamve."

"Ndati musalembe zimenezo. Ine sindinaleredwe choncho. Sindinadutsepo pakhomo pa mayi uja osatsika, osavula chipewa, osamufunsa ngati ndingadutse. Ngakhale kamodzi."

A Pruitt anaimirira kuti atsutse, koma woweruza anawakhazika pansi, nati mboni ipitirize. Ndipo mboni inapitirizadi, chifukwa bambo anga akakhudzidwa pa nkhani ya makhalidwe amakhala ngati pikapu yoduka mabuleki.

"Funsani Merle ali apoyo. Chaka china anadutsa paliwiro ine ndili chiimire pakhomo pa Verna, atangogula galimoto yatsopano, kufuna kukalanda msasa wabwino. Ndinamuthamangitsa, ndinamupeza akutsegula geti lachiwiri. Ndinangozula makiyi m'galimoto yake n'kumuuza kuti m'bale wanga, makiyi ako ukawapeza kwa Verna, ukapemphe kaye. Anabwerera wapansi mtunda wonse uja, nsapato zatsopano zikumuluma."

Khoti lonse linaseka. A Merle eni ake anaseka mpaka kupukuta misozi, chifukwa nkhani imeneyo inkakambidwa pa ukwati uliwonse m'tauni mwathu ndipo inali isanasiye kukoma. Ndi a Pruitt okha amene anaika cholembera pansi n'kuyang'ana kudenga. Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, pamene anthu ankaona nkhope ya loya wawo.

"Funso lomaliza, bambo," anatero Renner. "Tsiku lina mayi Verna akanati ayi, chaka chino musadutse, inu mukanatani?"

Apa m'pamene bambo anazindikira pamene anaima. Anatembenuza mutu kundifunafuna pagulupo, koma diso lawo silikanatha kundisiyanitsa ndi anthu ena. Ine ndinkapukusa mutu mwamphamvu, kupukusira munthu wosaona. Woweruza anawafunsa ngati amva funso.

"Ndamva," anatero motsitsa. "Ndikanabwerera kunyumba."

"Zikomo kwambiri, bambo Lunde."

M'galimoto pobwerera sindinathe kudzigwira.

"Mwatseka msewu ndi pakamwa panu, adadi. Loko ya kampani bwenzi titaichotsa, koma yanuyi ndiye yakhalitsa."

"Ukanakonda ndivomere kuti ndinkathira fumbi m'khitchini mwa Verna?"

"Verna ali m'manda. Fumbi silikumuvutanso."

"Dzina langa lili moyo."

"Ndiye mukwere nalo phiri dzina lanulo."

Anangoyang'ana kunja pawindo, kumene minda ya tirigu inkadutsa, mpaka tinafika kunyumba.

Chigamulo chinatuluka tirigu atakololedwa. Woweruza anati umboni wa mboni yaikulu ya odandaula okha ukuonetsa kuti anthu a ku Tolliver ankayenda mumsewuwo mwa chilolezo, ndipo ankakakamizana okhaokha kupempha chilolezocho. Msewu ndi wa mwini famu. A Pruitt anati tikhoza kukasuma kubwalo lalikulu, koma ananena ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Palibe amene anawalimbikitsa.

Anthu a ku Tolliver akakukwiyira sakutukwana. Amakupatsa moni wathunthu, kufunsa za thanzi lako, n'kupitiriza kuyang'ana kutsogolo. Bambo anapita kangapo kulesitilanti kumene madala amamwera khofi m'mawa, napeza kuti nkhani imatha akangolowa, ndiye anasiya. A Merle anasiyanso kubwera kudzabwereka zipangizo zimene sankabweza. Panthawi yomweyo diso lija linkapita ndithu. Nyuzi anasiya kuwerenga, galu ankamuzindikira ndi mapazi, ndipo mfuti yawo ankaipukuta mongopapasa, masana aliwonse, ngakhale kuti inali yoyera kale. Mkwiyo wanga sunathe, koma unasakanikirana ndi chisoni chimene chinkandilepheretsa kudya.

Kutatsala pang'ono kuti nyengo ya ulenje itsegulidwe, kushedi kwanga kunabwera Lyman. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo tsopano anali kapitawo wa famu ya kampani, ndi amene ankasunga kiyi wa geti. Anaima pakhomo manja ali m'mwamba.

"Darla, usandiponyere mpeni, ndabwera mwamtendere."

"Mipeni yanga ndi ya nyama yabwino. Ukufuna chiyani?"

"Mabwana amva za maso a madala. Akuti apite kuphiri. Iwo ndi wowayendetsa mmodzi, tsiku lotsegulira, ndi mfuti yawo yomwe."

"Akuwathokoza powapambanitsa mlandu?"

"Akuti ndi munthu waulemu. Ine ndangotumidwa, usandiyang'ane choncho. Nanenso ndili ndi ana ofuna kudya."

Ndinafuna kumulavulira pansapato. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo amene ankaona bambo akugunda mafelemu a zitseko m'nyumba mwawo momwe ndinali ine. Ndinamuuza Lyman kuti tibwera.

Bambo nditawauza sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Ndinawakumbutsa kawiri katatu, iwo n'kumangosisita galu. Koma m'mawa wa tsikulo nditatuluka m'chipinda changa ndinawapeza atakhala patebulo atavala kale jekete la olenji limene alenje amavala kuti asaomberane, mfuti ili m'chikwama chake, masangweji atawakulunga okha mokhotakhota. Anali atameta ndevu n'kudzicheka pachibwano. Sindinawaonepo akuoneka ngati mwana chonchija, ndipo mtima wanga unawawa ndi chimwemwe.

Tinafika dzuwa litatuluka kale. Sindinayembekezere kupeza anthu, koma m'mbali mwa msewu wa boma, kufikira pageti penipeni, munali mutandandana mapikapu a ku Tolliver. Amuna anatsamira mabonati, makapu a khofi m'manja, akuyang'ana phiri ndi magalasi oonera patali. Palibe amene anatenga mfuti. Sanapangane, anangodzuka m'mamawa monga ankachitira chaka chilichonse pa tsiku limeneli, n'kusowa kopita kwina.

"Ndani amenewo?" anafunsa bambo.

"Magalimoto chabe, adadi."

"Magalimoto samwa khofi. Ndikumva fungo lake."

Ndinayendetsa pang'onopang'ono pakati pawo. Palibe anatilozera chala. Ena anakweza makapu, ena anapitiriza kuyang'ana m'magalasi ngati sanationepo. Titaima pageti, a Merle anabwera kuwindo la bambo akutsimphina, nagogoda pagalasi.

"Wameta ndevu, mdala? Ukukafunsira mbeta kapena ukukasaka?"

"Merle."

"Tamva zonse, Lyman sasunga chinsinsi. Pita, m'bale wanga, palibe akukusungira kanthu kumtima. Ukationereko ngati kasupe uja akadalipo. Ukaombere yaikulu, chifukwa yaing'ono suiona."

"Ankolo, asiyeni," ndinatero.

"Ndikumudalitsa, mwana iwe. Umu ndi mmene ndimadalitsira."

Anawagwira bambo paphewa n'kubwerera m'mbuyo. Ndikanakonda akanawatukwana, chifukwa ndinaona bambo akuweramitsa nkhope pachikwama cha mfuti.

Lyman anatsegula loko, nakankha geti mpaka linatseguka lonse. Msewu unali pomwepo, wouma, wokongola, ukukhota kulowera m'mitengo ya paini. Ndinaika giya. Koma Lyman anabwera kuwindo la bambo atagwira foni, nkhope yake ikuoneka ngati ya munthu woti wameza fupa.

"Madala, pali kanthu kamodzi kakang'ono. Maloya a mabwana akuti mupemphe kaye. Pakamwa basi, ine ndijambule pafonipa. Akuti kuopa kuti mawa wina anganene kuti munadutsa ngati ndi ufulu wanu."

"Lyman iwe," ndinatero, "zimenezi bwanji sunanene kushedi?"

"Andiuza dzulo madzulo. Si nkhani yaikulu, Darla. Ndi zomwe akhala akuchita moyo wawo wonse."

Ananena zoona. Anakweza foni ija kuloza nkhope ya bambo.

Bambo anakweza dzanja n'kuvula chipewa, chifukwa dzanjalo linkadziwa ntchito yake lokha. Anachiika pabondo. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona lilime likukonzeka. Kenaka anatseka. Anayesanso, koma chinangotuluka ndi mpweya.

"Ndikupempha kwa ndani?" anafunsa.

"Kwa kampani, madala."

"Ili kuti?"

Lyman anayang'ana foni yake, kenaka anayang'ana pansi.

"Adadi," ndinatero, "ndi mawu awiri okha. Nenani, tipite. Anzanu akuuzani okha kuti mupite."

"Ndamva."

"Chaka chamawa kulibe, mukudziwa. Dokotala uja sananame. Ine ndinakukalipirani chifukwa chopempha, lero ndikukugwadirani kuti mupemphe. Chonde."

Ndinkalira, ndipo sindinasamale kuti Lyman akuona. Ndikanatha kuwanenera mawuwo ndikananena, ndikanawaimba ngati nyimbo pamaso pa tauni yonse. Bambo anapapasa mpaka anapeza dzanja langa pa giya, naligwira.

"Ndinapempha pakhomo limeneli moyo wanga wonse, ndipo onsewa aima panja chifukwa cha zimenezo. Ndikapemphanso lero, ndilowa ndekha, geti litsekedwa kumbuyo kwanga, iwo akuonerera. Ndapempha mokwanira, mayi. Bweza galimoto."

"Adadi."

"Bweza galimoto, Darla."

Panalibe malo otembenukira chifukwa cha mapikapu aja, choncho ndinabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, pakati pa mizere iwiri ya amuna amene sanadziwe koyang'ana. A Merle anakuwa kenakake, mwina chipongwe, mwina pempho, koma bambo anali atakweza galasi. Ndinaona Lyman akukoka geti, ndipo loko inalira momveka mpaka m'galimoto.

Titafika potakasuka ndinaima kuti nditembenuze. Bambo anali atasendera kutsogolo, nkhope pafupi ndi galasi, atatseka diso lakufalo ndi chikhato kuti linalo ligwire ntchito lokha. Dzuwa linali litawomba mbali yonse ya phirilo, ndipo pamwamba pa mitengo, pamene msewu umatulukira padambo, panali tinthu takuda tikuyenda mondondozana.

"Pali tinthu tikuyenda pamwambapo," anatero. "Ndi eliki?"

Ndinayang'ana. Anali magalimoto a kampani, akukweza alendo awo kumisasa.

"Eya, adadi. Ndi eliki."

"Zilipo zambiri?"

"Zambiri."

Anayang'anabe kanthawi, diso likutuluka madzi chifukwa cha kuwala. Kenaka anatsitsa dzanja, nakhala bwinobwino pampando.

"Chabwino," anatero. "Tiye kunyumba."